Kukonza m'kati mwa shopu kapena ofesi ya lendi: ndalama iyambire pansi, kudenga kapena pa zonyamulika?

Mchemwali wanga atapeza chipinda chochitiramo saluni ku Lilongwe, chinthu choyamba chomwe anagula chinali matailosi oyera onyezimira, aja aakulu a masentimita 60 mbali zonse. Tsiku lotsegulira munali mokongola moti ena ankafuna kuvula nsapato pakhomo. Unali mwezi wa September. Mvula itayamba, kasitomala aliyense ankalowa ndi dothi lofiira la mumsewu, ndipo mtsikana yemwe analembedwa ntchito yoluka tsitsi ankangokhalira mopu kumanja. Tsiku lina mayi wina akuchoka posukitsa tsitsi anaponda pomwe panadonthera madzi a sopo, nakhala pansi mwadzidzidzi, fulukutu! Sanavulale, koma sanabwerenso. Chaka chitatha, mwini nyumba anabwera kudzayendera, anayang'ana pansi, anayang'ana siling'i yatsopano, ndipo mwezi wotsatira lendi inakwera, ati poti malowo tsopano ndi apamwamba. Mchemwali wanga anasamuka ndi magalasi, mipando ndi madiraya. Matailosi, siling'i ndi mapaipi, zomwe zinadya ndalama zambiri kuposa zonse, zinatsala.

Kuyambira pamenepo, munthu akandifunsa za kakonzedwe ka m'kati mwa shopu, ofesi, malo odyera kapena famase, sindiyambira pa mtundu wa penti. Ndimamufunsa zinthu zitatu: chinthu mukufunachi adzachisamale ndani tsiku ndi tsiku, chikawonongeka mudzachipeza kuti, ndipo tsiku lochoka mudzachinyamula kapena chidzatsala. Kunyumba kwanu mumalowa anthu asanu odziwa pomwe pali chopondera. Pamalo a bizinesi pamalowa anthu mazana, ena ndi matope, ena ndi makatoni, ena ndi mwana kumbuyo, ndipo palibe amene akumvera chisoni pansi panu. N'chifukwa chake zomwe zimakhala bwino pabalaza sizikhala bwino mushopu.

Kaye kambiranani ndi mwini nyumba

Izi zisanachitike, musakhome ngakhale msomali. Pali njira zitatu zomwe anthu amatsata. Ena amakonza ndi ndalama zawo popanda kulemberana chilichonse, ndipo mapeto ake ndi aja ndafotokozawa. Ena amagwirizana kuti zokhazikika monga pansi, siling'i, mawaya ndi chimbudzi azikonza okha koma ndalamayo izidulidwa ku lendi mwezi ndi mwezi. Njira yachitatu ndi yoti mumakonza ndi ndalama zanu, koma mwini nyumba amasainira kuti kwa zaka zakutizakuti sakuchotsani ndipo lendi izikwera motani. Yachiwiriyi ndiyo yabwino kwa wabizinesi yaing'ono, ngakhale eni nyumba ambiri amayamba aikana. Akaikanitsitsa, ndiye kuti akuuzani kale komwe ndalama yanu iyenera kupita: ku zinthu zomasula ndi sipanala.

Mufunsenso ngati zomwe mukufuna zikukhudza khoma lonyamula denga, kapena kusintha ntchito ya nyumbayo, monga nyumba yogonamo kusanduka ofesi kapena malo odyera, zomwe zachuluka m'madera ngati Area 47 ku Lilongwe ndi Namiwawa ku Blantyre. Zoterezi zimafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda.

Pansi: apa ndiye pofunika kudekha

Simenti yosalaza n'kupaka polishi ndiyo tonse tinakulira. Anthu amainyoza, koma ine sindiinyoza. Simenti ndi yathu yomwe: ikupangidwa ku Kasungu, ku Mangochi ndi ku Blantyre, ina imalowa kuchokera ku Zambia, ndipo mmisiri woidziwa aliko dera lililonse. Ikang'ambika, thumba limodzi la makilogalamu 50 limatseka nkhaniyo. Ku hadiweya, ku holoselo, kosungira katundu, kumene matumba a fetereza ndi makireti amakokedwa pansi tsiku lonse, palibe china choposa simenti. Vuto lake ndi mmisiri wothamanga. Akachepetsa simenti n'kuchulutsa mchenga, kapena akapanda kuthirira madzi kwa sabata yathunthu, pakatha miyezi itatu pansi pamayamba kufumbutuka, ndipo fumbilo limakwera pa katundu wa pa shelefu. Chachiwiri ndi polishi: wofiira uja amafuna munthu wogwada sabata iliyonse, amada m'mapazi mwa makasitomala, ndipo akanyowa amaterera ngati therere.

Matailosi alipo a mitundu iwiri yomwe ogulitsa ena safuna kukusiyanitsirani. Pali a seramiki wamba, omwe ndi ofewerapo, otsika mtengo, ndipo mukawatembenuza kumbuyo n'kudonthezapo madzi amamwa msanga. Pali a poselini, olimba, olemera, omwe samwa madzi kwenikweni, osafika n'komwe theka la peresenti imodzi ya kulemera kwake. Pamalo opita anthu ambiri tengani a poselini, ndipo mutenge okhakhala pang'ono, osati onyezimira. Pitani kogula ndi kabotolo ka madzi, thirani pa tailosi imodzi, pondanipo ndi nsapato. Wogulitsa akakwiya, pitani kwa wina. Mtundu wake ukhale wapakati, wotuwirako kapena wonga mchenga. Oyera amaulula matope, akuda amaulula fumbi, ndipo kuno tili ndi zonse ziwiri, miyezi isanu ya matope ndi miyezi isanu ndi iwiri ya fumbi.

Chomwe chimapha matailosi kawirikawiri si mapazi ayi, koma kaikidwe. Mmisiri wina amangoika timibulu tisanu ta simenti, m'makona ndi pakati, n'kukanikiza tailosi, pansi pake n'kutsala mphako. Tsiku lomwe mwendo wa firiji udzaponde pamphakopo, tailosi imasweka. Akamaliza, yendani ndi ndalama yachitsulo kapena kiyi mukugogoda tailosi iliyonse. Yolira mwa "ngo ngo" ngati ng'oma ili ndi mphako, aichotse musanamulipire. Ndipo pogula onjezani gawo limodzi mwa magawo 10 kuti likwanire zodula ndi zosweka, kenaka bisani makatoni awiri kunyumba. Matailosi ambiri amachokera kunja, ndipo mtundu womwe mwagula lero chaka chamawa simudzaupezanso. Ndaonapo mashopu ambiri okhala ndi chigamba cha matailosi atatu a mtundu wina pakhomo penipeni.

Terazo, miyala ing'onoing'ono yosakaniza ndi simenti n'kupala mpaka kusalala, ndiyo mumaiona m'nyumba zakale za boma, m'mabanki akale ndi m'zipatala za mishoni, ina yaikidwa makolo athu ali anyamata koma ikadali bwinobwino. Ilibe mizere yosunga litsiro, siopa madzi, siopa tirole. Koma imafuna makina opalira, imatenga masabata, imabweretsa matope ambiri poikonza, ndipo amisiri oidziwa bwino ndi ochepa. Ngati nyumbayo ndi yanu, ganizirani terazo mofatsa. Ngati ndi ya lendi, mukukongoletsera mwana wa mwini nyumba.

Vinilo ilinso pawiri. Pali kapeti ya pulasitiki yopyapyala ija yogulitsidwa pa mita mumsika, yomwe mushopu siitha miyezi isanu ndi umodzi: imang'ambika pomwe pali kamwala, m'mbali mwake mumapindika, anthu n'kumapunthwa. Pali vinilo yokhuthala yopangira zipatala ndi malabu, yomwe amaimata pansi ndi guluu n'kuwotcherera molumikizira mwake kuti madzi asalowe. Yachiwiriyi ndi yabwino ku kiliniki ndi ku famase, ndipo ndi yofewa kumapazi kwa ogwira ntchito oimirira tsiku lonse. Koma pansi pake payenera kukhala posalala ndi pouma kotheratu. Simenti yatsopano imauma pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye mukaifulumirira chinyontho chimatsekeredwa m'kati, guluu amasiya, vinilo n'kutupa matuza.

Kapeti yansalu ndingoitchula kuti tidutse. Imachepetsa phokoso, inde, ndipo m'chipinda chochitira misonkhano cha pansanjika yachitatu ingathe kukhala. Pansanjika ya pansi, pafupi ndi msewu wafumbi, popanda makina opopera fumbi ndi magetsi odalirika oyendetsera makinawo, ndi nkhokwe ya chimfine. Mukaifunadi, tengani ya zidutswazidutswa, kuti pomwe patayikira tiyi muzingochotsa chidutswa chimodzi.

Kudenga

Ambiri amaona siling'i ngati chobisira malata ndi mawaya. Ntchito yake yaikulu ndi kutchinga kutentha. Lowani mugolosale yopanda siling'i masana a mwezi wa October: malata amawotcha pamutu, majarini amasungunuka pa shelefu, firiji siipuma, kasitomala amagula chomwe wadzera n'kuthawa osayang'ananso china. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye musanene. Mvula ikagwa pa malata opanda siling'i, inu ndi kasitomala mumachita kukuwirana.

Mabodi a jipisamu ndiwo afala m'maofesi atsopano. Amasalala bwino, amalandira penti, ndipo sagwira moto msanga chifukwa m'kati mwake muli madzi omangika mwachilengedwe. Mdani wake ndi denga lodontha. Kadontho kamodzi ka pa msomali wa lata kamajambula mapu achikasu, kenaka bodi imalendewera, tsiku lina n'kugwera pa kompyuta. Musaike jipisamu musanakwere padenga n'kuthirapo madzi, kapena musanaone mvula imodzi yamphamvu muli m'katimo.

Siling'i ya pulasitiki, ija ya mizeremizere yolowetsana, siopa madzi, siifuna penti, imapukutika ndi kansalu, ndipo chiswe sichiidya. Kusaluni, kubucha ndi kuchimbudzi imathandiza. Koma ikakumana ndi moto imasungunuka n'kumadontha, ndipo utsi wake ndi wakupha. Sindingaiike pamwamba pa khitchini ya malo odyera, pomwe pali mbaula, gasi ndi mafuta a tchipisi. Komanso yotsika mtengo kwambiri imapindika ndi kutentha kwa malata ngati mpata wa pakati pa denga ndi siling'i ndi wochepa.

Yachitatu ndi ija ya timabodi ta masentimita 60 togonekedwa pa tizitsulo topyapyala, yomwe mumaiona m'mabanki. Siikongola kwenikweni, koma wa zamagetsi kapena wa intaneti akabwera amangotukula kabodi kamodzi, n'kukoka waya, n'kubwezeretsa. Ofesi yomwe madesiki ake amasinthasintha malo isavutike n'kuganiza zina. Ndipo mwa mitundu yonse, iyi yokha ndiyo mungathe kumasula n'kupita nayo.

Kumalo odyera ndi kumaloji, makamaka kunyanja, ena amayala bango, nsungwi kapena mphasa kudenga. Zimaoneka bwino, zimamwa phokoso, ndalama yake imapita kwa woluka wa m'mudzi. Zipakidwe mankhwala a chiswe ndi anankafumbwe, ndipo mawaya onse odutsa pamenepo akhale m'mapaipi ake. Mtundu uliwonse womwe musankhe, ngati ndalama ilipo pang'ono, yalani pepala lonyezimira lotchinga kutentha pansi pa malata. Silioneka, palibe adzakuyamikireni, koma ndi lomwe lidzachepetse thukuta.

Kugawa zipinda

Khoma la mabuloko limatseka mawu ndi wakuba, ndipo kosungira ndalama, mankhwala kapena katundu wodula n'kofunika khoma lenileni. Kumbukirani kuti kuyambira 2018 malamulo a bungwe loyang'anira ntchito zomanga amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo, ndiye apa tikunena mabuloko a simenti kapena njerwa zina zovomerezeka. Kuipa kwake n'koti ndi lolemera, pansanjika yam'mwamba simungangolimanga popanda injiniya kuona, ndipo mukalimanga mwalipereka.

Khoma la jipisamu pa tizitsulo limamangidwa m'masiku awiri, popanda matope. Koma mawu amadutsa. Ndinakhalapo pa benchi pa kiliniki ina yaing'ono ndikumva zonse zomwe bambo wina ankauza dokotala kuseri, zinthu zomwe ngakhale mkazi wake mwina sanamuuze. Cholakwika chinali chodziwikiratu: khomalo linalekezera pa siling'i, mawu n'kumadumphira pamwamba, ndipo m'kati mwake munali mopanda kanthu. Kwa loya, dokotala, wobwereketsa ndalama kapena aliyense womva zinsinsi za anthu, khoma lifike kudenga lenileni, m'kati muikidwe ubweya wotsekera mawu uja, mabodi akhale awiriawiri mbali zonse, ndipo chitseko chikhale chathabwa lolemera, osati chamkati mwa mphako.

Aluminiyamu ndi galasi zimalola kuwala kwa pazenera kufika mpaka kumbuyo, chinthu chachikulu kwambiri magetsi akazima. Bwana amaona zomwe zikuchitika pakauntala osanyamuka. Zimamasulika. Mtengo wake ndi wokwera ndipo umatsata dola, komanso zala za anthu zimafuna wopukuta m'mawa uliwonse. Galasi la pachitseko ndi lofika pansi likhale lolimbitsidwa lija losweka tizidutswa tosacheka, ndipo mumatepo chizindikiro pa msinkhu wa maso, poti galasi loyera bwino anthu amaliomba ndi chipumi.

Njira yomwe ndimaikonda pa shopu ya lendi ndi yosamanga khoma n'komwe: mashelefu aatali oima okha, kumbuyo kwake kokhomedwa pulayiwudi, ndiwo azigawa malo ogulitsira ndi kosungira katundu. Ndalama imodzi yagwira ntchito ziwiri, ndipo tsiku losamuka zonse zimakwera lole.

Magetsi, kuwala ndi mpweya

Amene anali pabizinesi mu 2022 sanaiwale. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January chaka chimenecho, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa chaka ndi miyezi kuzima kwa magetsi kunali chakudya cha tsiku lililonse. Mashopu omwe anatseka mazenera ndi mashelefu, nadalira mababu ndi eyakoni, anasanduka mapanga. Ndiye poika mashelefu ndi makoma, yambani mwazimitsa magetsi onse masana, muone komwe kuwala kukulowera ndi komwe mphepo ikudutsa. Zenera la kutsogolo likhale ndi linzake kumbuyo kapena m'mbali, ngakhale laling'ono la m'mwamba, kuti mpweya uzilowa uku n'kutulukira uko.

Fani kapena eyakoni? Fani ya kudenga imadya mawati 50 mpaka 75. Eyakoni yokwanira chipinda cha masikweya mita 20 imadya pafupifupi mawati 1,000, kutanthauza mafani oposa khumi. Inveta ndi batire zapakatikati zimayendetsa mafani, mababu, kompyuta ndi makina olipirira popanda vuto, koma eyakoni imafuna sola yaikulu kapena jenereta, ndipo jenereta imafuna mafuta omwe nthawi zina timawagonera pamzere. Eyakoni ndi yofunikadi ku famase komwe mankhwala safuna kutentha, kuchipinda cha makompyuta akuluakulu, ndi m'maofesi otsekeka a kuchigwa ndi kunyanja. Ku Mzuzu, ku Dedza kapena ku Blantyre komwe kumagwa chiperoni, ofesi yambiri yomwe inaika eyakoni imaiyatsa miyezi yotentha yokha.

Ngati mukuika mawaya atsopano, uzani wa zamagetsi agawe pawiri: mzere wa zofunika, womwe udzalumikizidwe ku inveta, ndi mzere wa zolemera monga ketulo, madiraya, ayironi ndi eyakoni. Kuchita izi poyamba ndi ntchito ya tsiku limodzi. Kuchita pambuyo ndi kuboola makoma openta kale. Masoketi werengani omwe mukufuna, muwirikize kawiri. Moto wina wa m'mashopu ndi m'misika umayambira pa ekisitenshoni imodzi yonyamula firiji, ketulo ndi mafoni khumi. Wa zamagetsiyo akhale ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA, ndipo waya mukagule naye limodzi, poti pamsika pali waya wina wooneka wonenepa kunja koma m'kati muli tingusi towerengeka.

Mababu a LED ndiwo okha oyenera kukambidwa tsopano: la mawati 9 limawala ngati lakale lija la mawati 60. Chomwe anthu sayang'ana ndi nambala ina ya pa katoni yothera ndi K. La 6500K limawala moyera mopendekera ku buluu, ndipo ndi lomwe ladzaza m'misika yathu. Kosungira katundu lili bwino, koma kumalo odyera limachititsa nyama kuoneka ngati yagona, ndipo pa kalilole wa musaluni limatuwitsa nkhope ya kasitomala. La 3000K ndi lofiirira, lofunda, loyenera malo odyera ndi ogona. La 4000K lili pakati, ndipo ofesi, famase, saluni ndi shopu ya zovala zimakhala bwino nalo. Wogulitsa zitenje ayese babu ndi chitenje m'manja, chifukwa kasitomala akatuluka panja n'kupeza kuti mtundu wasintha, amabwerera. Ndipo babu limodzi lamphamvu pakati pa denga silifanana ndi mababu anayi ang'onoang'ono omwazikana: limodzilo limaika mthunzi wa kasitomala pa shelefu yomwe akuyang'anayo.

Za penti ndinene mwachidule. Kuyambira pansi kufika m'mapewa pakani penti yotsukika, kumwamba ndi kudenga yamadzi wamba yoyera. Mtundu wa kampani yanu, kaya ndi wofiira kaya wobiriwira, upite pa khoma limodzi kapena pa kauntala. Makoma anayi ofiira amadya kuwala ndipo amatopetsa wokhalamo tsiku lonse.

Kauntala, mashelefu ndi mipando

Mipando ya m'makatoni yochokera kunja imakopa maso. Yambiri ndi ya utuchi wopanikiza wokutidwa ndi pepala looneka ngati thabwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: miyendo yake ikamwa madzi a mopu imatupa, ndipo mukaimasula kamodzi zomangira sizigwiranso. Mtengo wakenso sukhazikika. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anagula madesiki anayi akuti ena anayi adzagula chaka chamawa anapeza mtengo uli kwina, mtunduwo kulibenso.

Kalipentala wa ku Mchesi kapena ku Ndirande amakupangirani chokwana ndendende pakona panu, ndipo chikathyoka mumadziwa komupeza. Pulayiwudi ndi bulokubodi zikupangidwa konkuno ku Chikangawa. Chenjerani ndi thabwa laliwisi: paini wochekedwa dzana amaoneka bwino pa tsiku lolandira, koma pakatha miyezi iwiri zitseko za kabati sizitsekeka ndipo pathebulo pamatseguka mng'alu wolowa chala. Nyamulani thabwalo, laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Mupatseni kalipentala miyeso yolemba ndi chithunzi, apange chimodzi choyamba, muchione, kenaka apitirize. Wina akakunong'onezani za mkungudza wa ku Mulanje, mukanireni. Ndi mtengo wotetezedwa womwe watsala pang'ono kutha m'phirimo.

Pa mashelefu a katundu wolemera, wowotcherera zitsulo amaposa onse awiri: mafelemu a chitsulo omanga ndi mabawuti, matabwa pamwamba. Chiswe chilibe nazo ntchito. Shelefu yapansi ikwere masentimita 15 kuti tsache ndi mopu zizilowa, makoswe asapeze pogona.

Pamodzi pokha pomwe ndimati gulani chakunja chabwino ndi mpando wa munthu wokhala pa kompyuta maola asanu ndi atatu. Msana wa kalaliki wanu suyenera benchi. Koma olandirira alendo, mipando yoluka ya nsungwi ndi chipapati ija yomwe anzathu akunja amaitumiza mpaka ku Cape Town ndi ku London, imakhala bwino kuposa sofa yachikopa chabodza chomwe chimasupuka chaka chisanathe.

Khomo, njira ndi potulukira

Mashopu athu ambiri ali ndi sitepe yaitali pakhomo yothawa madzi a mvula. Sitepe imeneyo imabweza munthu wa pa njinga ya olumala, gogo wa ndodo, ngakhale mnyamata wa wilibala wobweretsa katundu wanu yemwe. Lamulo la anthu aulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, linanena kale kuti malo ofika anthu onse azifikirika. Potsetsereka pabwino pamafuna kutalika masentimita 12 pa sentimita iliyonse yokwera, ndiye sitepe ya masentimita 15 imafuna mita imodzi ndi masentimita 80. Zotsetsereka zambiri zomwe timaziona m'tauni ndi zongochotsa mlandu, zoti ngakhale wamiyendo iwiri amakwera chogwira khoma. Pamalo a lendi mungathe kuwotcheretsa chachitsulo chokhakhala chomanga ndi mabawuti. Chitseko chikhale cha masentimita 90, ndipo pakati pa mashelefu pazidutsana anthu awiri wina atanyamula basiketi.

Kauntala ikhale pomwe wogulitsa akuona khomo ndi mashelefu nthawi imodzi. Chopondera chachikulu, chotalika masitepe awiri kapena atatu a munthu, chimagwira matope ambiri kuposa wokolopa aliyense.

Kuopa akuba kwatichititsa kutseka zenera lililonse ndi zitsulo, khomo lakumbuyo n'kulikhoma loko atatu, kiyi ali ndi bwana yemwe wapita ku banki. Moto ukayambira kutsogolo, ogwira ntchito atulukira kuti? Khomo lakumbuyo lizitseguka kuchokera m'kati nthawi yonse ya ntchito, makatoni asaunjikidwe pamenepo, ndipo chozimitsira moto chipachikidwe poonekera pafupi ndi khomo, osati pansi pa kauntala kuseri kwa makireti. Masilinda a gasi akhale panja, m'kakhola kolowa mphepo.

Agwire ntchitoyi ndani?

Kuyang'anira nokha amisiri osiyanasiyana ndiko kotsika mtengo, ngati muli ndi nthawi yokhala pamalopo tsiku lililonse ndipo mukudziwa ndondomeko yake: denga, kenaka mawaya ndi mapaipi, kenaka siling'i ndi makoma, penti yoyamba, pansi, mipando, penti yomaliza. Mukasokoneza, wa mapaipi adzaswa matailosi a dzulo. Kontirakitala mmodzi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomanga amadula, koma cholakwika chikapezeka mumadziwa wogwira pakhosi, osati uyu kuloza uyo. Katswiri wojambula mapulani kapena wokonza zam'kati anthu amamuopa mtengo, koma simukakamizidwa kumupatsa ntchito yonse. Mungathe kumulipira kuti angobwera kudzayeza, ajambule pomwe pakhale chilichonse, ndi kulemba mndandanda wa zipangizo. Pa kiliniki, pa malo odyera okhala ndi khitchini yaikulu, kapena paliponse pogwetsa khoma, ameneyu musamudumphe.

Aliyense mwa atatuwa, zipangizo zikuluzikulu gulani nokha, kotesheni ikhale yolemba, ndipo malipiro azipita ntchito ikafika pomwe munagwirizana. Gawo lomaliza lisungeni mpaka mutayatsa chilichonse nthawi imodzi, kutsegula mipope yonse, ndi kugogoda matailosi aja.

Saluni yachiwiri ya mchemwali wanga ili ndi pansi pa simenti yomwe anaipeza, anangoitsuka n'kuipaka penti yapansi yotuwa yothira timchenga posukira tsitsi. Ndalama anaika pa mawaya, mafani awiri, mababu a 4000K m'mbali mwa kalilole aliyense, ndi makabati a mateyala. Mwezi wathawu mwini nyumba wa kumeneko anabwera kudzayendera, anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, n'kufunsa ngati angametetse.